MOTO M'MAFAKITALE: ZA KU HOUT BAY

CAPE TOWN.—Kuseri kwa phiri la Table Mountain, mtunda wa makilomita ngati 20 kuchokera pakati pa mzinda wa Cape Town, kuli dooko la Hout Bay, kumene anthu ambiri a ku Malawi, a ku Zimbabwe ndi a maiko ena akhala akupita kukafuna nchito. Ena agwira m'minda ya maluwa ndi m'makhichini a anthu achuma, ena m'mahotela, koma ena ali padooko penipeni, m'ngalawa zophera nsomba ndi m'nyumba zotumbuliramo ndi zosungiramo nsombazo. Mbiri ya malowa pa nkhani ya moto ndi yaitali, ndipo iyenera kudziwika kwa munthu aliyense wolowa pa chipata cha fakitale m'mawa, kaya ali ku Cape Town, ku Limbe, ku Kanengo kapena ku Lusaka.

Fakitale yakale ya pa Hout Bay sinali nyumba ai, koma chombo cha Angelezi chotchedwa R. Morrow, chimene chitaleka kuyenda panyanja, anthu amalonda anachigula kuchiyambi kwa zaka za m'ma 1900, nachikokera padookolo, nachisandutsa malo oikiramo nkhanu za m'nyanja m'zitini. Mu 1914 chombocho chinaphulika, ndipo anthu 7 anafa. Mmodzi wa iwo ndiye mkulu wa nchitoyo, Mfalansa dzina lake Lucien Plessis. Mbiri ya malowo inena kuti chimene chinaphulika ndi mpweya wa kabaidi umene unatuluka pobooka. Akulu amene anagwirapo nchito m'migodi ya ku Joni akumbuka nyali za kabaidi: madzi akadonthera pa miyala yakeyo pamatuluka mpweya woyaka mowala zedi. Mpweya womwewo ndiwo uli m'mabotolo a anthu owotcherera zitsulo kufikira lero. Ukamathawa umanunkha ngati adyo, ndipo pobooka pake pamapezeka ndi madzi asopo chabe, pakuti pamatuluka thobvu. Ichi ndicho chomvetsa chisoni pa ngozi zambiri za m'mafakitale: chida chimene chikadaonetsa choopsacho nthawi ikadalipo chimakhala chotsika mtengo koposa bokosi la maliro limodzi.

MAFUWA ATATU

Akatswiri ozimitsa moto aphunzitsa kuti moto ufuna zinthu zitatu pamodzi: chinthu choti chipse, mpweya, ndi kutentha. Zili monga mafuwa atatu a pakhichini. Mwala umodzi ukachoka, mphika suima. Nchito yonse yopewa moto ili pa kulekanitsa zitatuzi, ndipo pakuti mpweya uli paliponse, chotsala ndicho kuti zinthu zoyaka zisayandikane ndi zinthu zotentha.

Munthu wachilendo angaganize kuti m'fakitale ya nsomba, mmene pansi pakhala ponyowa tsiku lonse, moto ulibe pogwira. Kuganiza kotero nkulakwa. Nsomba zazing'ono monga anchovy zimaphikidwa, kufinyidwa mafuta, kuumitsidwa ndi kuperedwa kuti zikhale ufa wodyetsa nkhuku, nkhumba ndi nsomba zoweta. Kampani ya Oceana inali ndi fakitale yotere pa Hout Bay kwa zaka zambiri, ndipo fungo lake linautsa mkangano waukulu mu 2015 pakati pa eni nyumba zabwino, amene anafuna kuti itsekedwe, ndi anchito a ku Hangberg, amene anaopa kutaya nchito. Koma ufa umenewu, kulikonse kumene upangidwa, uli ndi khalidwe lina loopsa koposa fungo. Mafuta otsalira mkati mwake amadyana ndi mpweya pang'onopang'ono, natulutsa kutentha, kotero kuti matumba ounjikidwa akadali ofunda angathe kuyaka okha pakati pa mulu, popanda machesi kapena ndudu. Alimi a fodya adziwa mmene mulu wa fodya wonyowa umatenthera mkati munthu akapisamo mkono. Ufa wa nsomba uchita chimodzimodzi, koma supumira pa kufunda pokha. Chifukwa chake malamulo a zombo za panyanja auwerengera pakati pa katundu woopsa, ndipo opanga ayenera kuuthira mankhwala oletsa kutenthako, kuuziziritsa usanalowe m'matumba, ndi kusiya mipata pakati pa milu kuti mphepo izipita.

Zipinda zozizira nazo zili ndi zoopsa zake. Makoma ake ndi malata awiri okhala ndi zonga siponji pakati, ndipo zina mwa izo zimayaka msanga ndi kutulutsa utsi wakuda wakupha. Moto ukalowa pakati pa malatawo umayenda mobisika, madzi osaufika. Makina oziziritsa ambiri ayendera mpweya wa amoniya, umene umatsamwitsa munthu, ndipo ukachuluka m'chipinda chotseka ungathenso kuphulika. Pamwamba pa izi pali makatoni ndi mapulasitiki, mafuta a dizilo, ndi mawaya a magetsi amene mphepo yamchere ya kunyanja imawadya mwakachetechete.

Moto wambiri ndithu uyamba pa nthawi yokonza makina. Wowotcherera chitsulo amwaza nthethe zimene zilumpha mamita angapo, zina nkugwera m'ming'alu mmene muli fumbi ndi mafuta, nkumanyeka osaoneka kufikira anthu onse ataweruka. Kampani yosamala silola munthu kuyatsa chowotcherera popanda chilolezo cholembedwa ndi kapitao, ndipo imaika munthu wina kuti aime pomwepo ndi botolo lozimitsira moto, nakhalabe akuyang'anira malowo nchito itatha. Kampani yofuna kufulumira imati munthu woimirira chabeyo akudya ndalama zaulere.

Za mabotolo ofiira opachikidwa pakhoma, chofunika kudziwa nchakuti sali onse amodzi. La madzi liyenera mapepala ndi matabwa, koma pa mafuta limangomwaza motowo, ndipo pa magetsi lingaphe woligwira. Pamenepo pafunika la ufa kapena la mpweya wozimitsa. Botolo lililonse liyenera kuyesedwa chaka ndi chaka, ndipo tsiku lake lalembedwa pa pepala lomatidwapo, limene wanchito aliyense wodziwa kuwerenga angalione yekha. Mipopi ya kudenga yowaza madzi ili ndi kagalasi kamene kamasweka kutentha kukafika pa muyeso wake, kawirikawiri madigiri 68, koma ngati katundu aunjikidwa kufikira kudenga, madziwo amanyowetsa makatoni apamwamba okha, moto uli kuyaka pansi.

NJIRA YOPITAMO

Phunziro lachiwiri la ku Hout Bay silinachokere padooko koma kuphiri kumene anchito ambiri agona. Mudzi wa Imizamo Yethu, umene ena autcha Mandela Park, unakhazikitsidwa mu 1991, ndipo unadzaza ndi zisakasa za malata ndi matabwa zogundana denga ndi denga. Amalawi okhala kumeneko ndi ambiri. Usiku wa pa 11 March 2017 moto unabuka m'mudzimo, nuyaka maola oposa khumi. Akatswiri a pa University ya Stellenbosch, pakati pao Dr. Charles Kahanji wa ku Zambia ndi Dr. Richard Walls, anafufuza motowo, ndipo m'zolemba zao za mu 2019 anaonetsa kuti nyumba zoposa 2,000 zinapsa, anthu pafupifupi 10,000 anasowa pogona, ndipo anthu anai anafa.

Chodabwitsa nchakuti nyumba ya ozimitsa moto ya pa Hout Bay ili pafupi pomwepo, kumunsi kwa mudziwo. Sikuti thandizo linali kutali ai. Chimene chinasowa ndi njira: tinjira ta pakati pa nyumba tinali topapatiza ndi tokwera, magalimoto sanathe kufika kumene moto unali, ndipo anthu othawa ndi katundu wao anali kutsikira momwe ozimitsa moto anafuna kukwerera. Magalimoto ena othandiza ayenera kuchokera mbali zina za mzinda, ndipo misewu yolowera ku Hout Bay ndi itatu yokha, yonse yodutsa m'mapiri: wa ku Constantia Nek, wa ku Llandudno ndi wa Chapman's Peak. Motowo utazima, akulu a mzinda, motsogozedwa ndi Mai Patricia de Lille amene anali meya nthawi imeneyo, analonjeza kumanganso mudziwo ndi misewu ndi mipopi. Koma nchitoyo inachedwa, ndipo mu July chaka chomwecho anthu otopa ndi kudikira anatseka misewu mokwiya.

Wina angafunse kuti, nanga zisakasa zikhudzana bwanji ndi fakitale? Yankho nlakuti nyumba yosungiramo katundu yodzaza kufikira pakhomo ndi mudzi womwewo waung'ono. Mizere yachikasu yolembedwa pansi m'fakitale si yokongoletsa. Ndiyo misewu yake. Phaleti limodzi losiyidwa pamzere "kwa kanthawi" lingatseke njira ya anthu makumi asanu oyenda mumdima wa utsi, magetsi atazima.

KHOMO LOKHOMA

Koma china chimene chapha anchito ambiri m'mbiri ya mafakitale ndi loko. Pa 25 March 1911, ku New York, anthu 146, ambiri a iwo atsikana obwera kuchokera maiko ena, anafa m'fakitale yosoka malaya ya Triangle, mmene makomo ena anali okhoma. Pa 3 September 1991, ku Hamlet m'dziko la America lomwelo, paipi ya mafuta a makina inaphulika pafupi ndi chokazingira nkhuku m'fakitale ya Imperial Food Products; anthu 25 anafa, makomo othawira ali okhoma, ndipo mwini wake, Emmett Roe, anaweruzidwa kukakhala m'ndende zaka pafupifupi 20. M'zaka 11 zimene fakitaleyo inagwira nchito, woyendera wa Boma woona za chitetezo cha anchito sanalowemo nkamodzi komwe. Ku South Africa komweko, mu November 2000, anchito 11 anapsa m'fakitale ya ESS Chemicals ku Lenasia, kufupi ndi Johannesburg, yopanga polishi wa pansi, atatsekeredwa mkati pa nchito ya usiku.

Maganizo a wokhoma khomo ndi osabisika. Iye aopa kuti anchito atulutsa katundu mozemba, ndipo kuba akuona kuti kungachitike usiku uliwonse, pamene moto auyesa chinthu chakutali. Nyumba ndi makina nthawi zambiri zili pa inshuwalansi. Wotsala wopanda chomubwezera ndi mai wa ku Mangochi kapena ku Mzimba amene anali kulandira ndalama za sukulu ya ana mwezi ndi mwezi. Ndipo kukhoma sikofunika nkomwe, pakuti alipo makomo otseguka ndi mkati mokha, munthu akakankha chitsulo chopingasa, amene amaliza belu akatsegulidwa. Wakuba sangadutsepo mwakachetechete, koma wothawa moto adutsa.

Lamulo la South Africa pa nkhaniyi nlomveka. Malamulo a m'malo a nchito a mu 1987 analamula kuti khomo lothawira lizikhala losatchingidwa, ndi lotheka kutsegulidwa msanga ndi munthu wa mkati, ndiponso kuti zozimitsira moto zizikhala zokwanira ndi zosamalidwa. Lamulo lalikulu la mu 1993 loona za umoyo ndi chitetezo pa nchito lilamula kuti pamalo pamene pali anchito oposa 20 pasankhidwe nthumwi zoona za chitetezo. Lipatsa wanchito aliyense udindo wonena choopsa chimene waona, ndipo liletsa bwana kumchotsa kapena kumzunza chifukwa chouza woyendera wa Boma. Malawi nayenso anakhazikitsa lamulo lake lotere mu 1997.

Pobvuta mpakuti ambiri a iwo amene aona loko pakhomo ndi anthu oopa kulankhula. Munthu amene pasipoti yake inatha masiku, kapena wolembedwa ganyu ya tsiku limodzi kudzera mwa kontrakitala, adziwa kuti pachipata paima anzake khumi ofuna malo ake, ndipo aganiza kuti akakadandaula ku Boma adzadzipereka yekha kwa apolisi. Mantha amenewa si achabe, ndipo palibe angamdzudzule. Komabe nkoyenera kuti adziwe kuti mu 2008, pa mlandu wa kampani ya Discovery Health, Bwalo la Milandu ya za Nchito linagamula kuti mlendo amene chilolezo chake chinatha akhalabe wanchito pamaso pa lamulo la nchito, ndipo angathe kukadandaula ku bungwe la CCMA. Ndiponso dandaulo silifuna kuti munthu aime yekha: lingapite kudzera mwa nthumwi ya chitetezo kapena bungwe la anchito, monga FAWU imene iyimira anchito a m'mafakitale a zakudya.

Oyendera a Boma ndi ochepa poyerekeza ndi mafakitale, ndipo kawirikawiri afika masana, pamene bwana alipo, makomo ali otsegula, mapaleti atasunthidwa. Zimene zichitika pakati pa usiku, bwana atapita kwao ndi makiyi m'thumba, azidziwa ndi a shifiti ya usiku okha, ndi mlonda wa pachipata, amene nayenso kawirikawiri ndi mlendo.