Aphunzitsi anzanga, musagulitse mataipi akale pa sikelo

Anzanga kusukulu amandiseka kuti nyumba yanga kuno ku Chintheche yasanduka manda a mataipi. Ndili nawo asanu ndi awiri: ma Olivetti, ma Imperial ndi Remington imodzi yothyoka chilembo cha "e". Ndinayamba kutolera ndili mnyamata, lero imvi zamera koma sindinasiye.

Sabata yatha ndinapeza anyamata ogula zitsulo zakale akuyeza taipi pa sikelo pamodzi ndi makasu otha. Akuti inachokera m'chipinda chosungira katundu pasukulu ina kuno kunyanja. Mtima unandiwawa. Ndinaiombola ndi ndalama ya ndiwo, ndipo mayi a kunyumba sanandilankhule mpaka madzulo.

Abale, makina amenewa ndi amene ankalemba mayeso athu. Kalaliki ankachotsa riboni, n'kumenya zilembo pa sitensulo, kenako n'kupukusa mapepala pa Gestetner, manja onse bii ndi inki. Mataipi ambiri analibe chilembo cha ŵ, choncho kachipewa ka pa dzina la Malaŵi ankachita kukaika ndi cholembera. Ana a Fomu 1 a masiku ano sadziwa zimenezi.

Tisaiwale kuti dera lino ndi la anthu a pepala. Amishoni a Livingstonia atakhazikika ku Bandawe mu 1881, sukulu zawo zinatulutsa makalaliki omwe anakagwira ntchito m'maofesi mpaka ku Joni. Clements Kadalie wa ku Chifira, yemwe anayambitsa bungwe la anthu apantchito la ICU ku Cape Town mu 1919, ndi mwana wa kuno. Taipi ndi khasu la anthu otere.

Mu 2012 kampani ya Brother itapanga taipi yomaliza ku Britain, inakaipereka ku Science Museum ku London. Ife yathu tikugulitsa pa kilo!

Sindikunena kuti tisiye kompyuta ayi. Inenso mayeso ndimalembera pa kompyuta. Koma a hedi, sungani taipi imodzi yokha pasukulu panu. Ipukuteni, dontheserani mafuta a makina osokera pang'ono, ndipo ifunditseni nsalu chifukwa chinyezi cha kunyanja chimabweretsa dzimbiri msanga. Ana aziigwira, aone kuti mabatani a QWERTY omwe ali pa foni zawo anayambira pa makina omwe Remington inayamba kugulitsa mu 1874.

Ngati malo mulibe, ndiuzeni. Ndibwera ndi njinga.