Foni ikamira m'nyanja, gemu isamire nayo

Ku Bandawe foni kugwera m'madzi si nkhani yachilendo. Anyamata amapita nayo m'bwato kokapha usipa, ena amaberedwa pamsika wa Chintheche. Foni mutha kugula ina, koma nanga akaunti ya Free Fire kapena eFootball yomwe mwaivutikira zaka, n'kuwonongerapo ndalama?

Magemu ambiri timalowa kudzera pa Google kapena Facebook. Mukatchera chitetezo chachiwiri, pasiwedi yokha sikwanira, pamafunikanso code yobwera ku nambala yanu. Nambalayo ikapita, mwatsekeredwa kunja.

Njira yachidule ndi kukabwezeretsa layini ku Airtel kapena TNM. Koma chilamulireni MACRA mu 2018 kuti SIM iliyonse ilembetsedwe, pobwezeretsa amafuna chiphaso cha mwini wake. Apa ndi pomwe ambiri amagwa nayo: layini ili m'dzina la amayi, kapena la amalume omwe ali ku Joni. Choopsanso n'chakuti layini ikakhalitsa osagwira ntchito, kampani imatha kuipereka kwa wina, ma code anu n'kumafikira mlendo.

Tsono musadikire tsoka. Lembetsani layini m'dzina lanu. Google imapereka ma backup code 10, iliyonse yogwira kamodzi. Alembeni m'kope, musiye kunyumba. Sunganinso ID yanu ya m'gemu ndi malisiti a Google Play, chifukwa ndiwo umboni wanu mukamadandaula kwa eni gemu.

Ndipo wina akakulonjezani pa WhatsApp kuti abweza akaunti mukatumiza kaye ndalama, thawani. Akuberani kawiri ameneyo.