Myuda Akafika ku Cusco Asangokhala Pakati pa Anzake

Mzinda wa Cusco, m'dziko la Peru, uli pamwamba pa mapiri, mamita pafupifupi 3,400 kuchokera pa nyanja. Mlendo akangofika amayamba wefuwefu, mutu waliwali, ndipo eni mudzi amamupatsa tiyi wa masamba a coca. Ambiri mwa alendo amenewa ndi achinyamata a ku Israel omwe angomaliza kumene ntchito ya usilikali. Amabwera ochuluka moti malo ena odyera amalemba zakudya m'Chiheberi, ndipo bungwe la Chabad lili ndi nyumba yake komweko yomwe imakonza phwando la Pasaka.

Zimenezi n'zabwino, pakuti Myuda wosunga malamulo amavutika kupeza chakudya mumzindawu. Ndiwo zomwe anthu a kumeneko amanyadira ndi mbira yootcha ndi nyama ya alpaca, koma zonse ziwiri n'zoletsedwa kwa iye. Pa Sabata sangakwere sitima yopita ku Machu Picchu. Amene amati munthu wotere ndi wodzikonda akulakwitsa. Kukana mbira si kunyoza wophika.

Komabe ine ndikuona kuti Myuda amene amathera masiku ake onse pakati pa anzake, n'kumangotuluka pokajambulitsa, wataya ulendo. Mbiri ya mzindawu imamukhudza kuposa alendo ena. M'chaka cha 1492 mafumu a ku Spain anathamangitsa Ayuda onse okana kubatizidwa. M'chaka cha 1533 asilikali a ufumu womwewo, motsogozedwa ndi Francisco Pizarro, analowa mu Cusco, likulu la Ainka. Anakanganula golide yense pa kachisi wa dzuwa wa Coricancha, kenaka pamwamba pa makoma ake panamangidwa tchalitchi cha Santo Domingo. Miyala ya Ainka, yolumikizidwa popanda dothi, ikadalipo pansipo, ndipo chivomezi cha mu 1950 chitagumula mbali ina ya tchalitchicho, iyo sinasunthe. Munthu amene chaka ndi chaka amasala kudya pokumbukira kachisi wa ku Yerusalemu sangaime pamenepo ngati mlendo wamba.

Ndipo Ayuda enieniwo sanapulumuke m'dzikoli. Bwalo la milandu ya chipembedzo lomwe linakhazikitsidwa ku Lima mu 1570 linkasaka anthu obatizidwa omwe ankawaganizira kuti akutsatabe Chiyuda mobisa. Mu 1639 ena anatenthedwa, mmodzi mwa iwo anali wamalonda Manuel Bautista Pérez.

M'tchalitchi chachikulu cha Cusco muli chithunzi cha Mgonero Womaliza chomwe amati anajambula ndi Marcos Zapata. Pakati pa tebulo pali mbale ya kanyama komwe ambiri amati ndi mbira. Myuda akhoza kuseka poona Ayuda khumi ndi atatu atazungulira ndiwo yomwe sakanaikhudza n'komwe. Koma wojambulayo anali mwana wa kumapiri komweko, ndipo anaika chakudya cha makolo ake m'nyumba ya amene anawagonjetsa, ansembe akuona.