Akabwerako Kuchipatala, Timulandira Bwanji?



Mnzathu akatuluka m'chipatala cha matenda a maganizo, kaya ku Zomba kaya ku St John of God ku Mzuzu, timayesa kuti zonse zatha. Komatu nthawi zambiri nkhawa imafika naye pakhomo. Tulo timamuthawa, mtima umagunda mothamanga popanda chifukwa, ndipo kulowa m'tchalitchi chodzaza anthu kumamuopsa. Ife timamuwonjezera mtolo tikamanong'onezana ndi kumutcha wamisala.

Taganizirani za Yohane wa Mulungu Woyera, amene timamukumbukira pa 8 Malichi. Iyenso anatsekeredwapo m'chipinda cha odwala misala ku Granada, namakwapulidwa monga ankachitira masiku amenewo. Atatuluka anatsegula nyumba yosamaliramo odwala, nawatumikira mpaka imfa yake mu 1550.

Choncho tisamuuze mnzathuyo kuti asiye mankhwala poti tamupempherera. Pemphero ndi mankhwala sizilimbana. Timuperekeze pa tsiku lokaonananso ndi adokotala. Ku mphakati tisamupanikize ndi mafunso. Akafuna kutuluka Misa ili mkati, mmodzi wa ife atuluke naye mwakachetechete. Ndipo malo ake m'kwaya timusungire kufikira atakonzeka kuimbanso nafe.