Chigubu chiyambe chadikira: pempho kwa makolo a m'mapulazi a ku Guruve

Makolo anzanga a m'makomboni a ku Guruve, kuyambira ku Horseshoe, ku Tengenenge mpaka kumalire ndi Mvurwi, ndabwera ndi pempho lokhudza mwana wa kusekondale amene watuluka m'chipatala atachitidwa opaleshoni. Ambirife timachita zinthu chamutu pansi. Ntchito za pakhomo ndi za kumunda timam'bwezera msanga, koma kusukulu timam'bweza mochedwa, mwinanso osam'bweza n'komwe. Ndikupempha kuti titembenuze zimenezi. Mabuku ayambe, khasu ndi chigubu zibwere pambuyo.

Ndikudziwa mmene mumavutikira kuti mwana afike pa tebulo la dokotala. Chipatala cha boma cha Guruve chikaona kuti matenda achikulira chimatumiza wodwala ku Bindura, kapena ku Harare ku Parirenyatwa ndi ku Sally Mugabe, mtunda wa makilomita pafupifupi 150. Ena mumalowera ku Karanda, chipatala cha mishoni cha ku Mount Darwin chimene chinatsegulidwa mu 1961, n'kukagona pamzere. Mbuzi imagulitsidwa, ngongole imatengedwa poyembekezera fodya amene sanathyoledwe. Ndiye mwana akatsika basi akuyenda yekha, mtima umakhala pansi, timati nkhondo yatha. Apa m'pamene timalakwitsa. Mu 2018 magazini ya zachipatala ya The Lancet inafalitsa kafukufuku wa odwala oposa 11,000 m'mayiko 25 a mu Africa. Anapeza kuti odwala athu amafa kowirikiza kawiri poyerekeza ndi a m'mayiko ena, ndipo pafupifupi onse amene anamwalira sanafe tsiku la opaleshoni, anafa m'masiku otsatira. Ofufuzawo anawerenga akuluakulu amene anali asanatuluke m'chipatala, koma phunziro lake likutikhudza: ngozi imabwera mpeni utachoka kale, pamene maso oyang'anira achepa. Mwana akafika pakhomo, maso amene atsala ndi anu.

Bala la opaleshoni limanyenga. Ulusi amachotsa pakatha masiku 7 mpaka 14, khungu litagwirana, chipsera chikuoneka bwino. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Pakatha masabata 3 mnofu wosokedwawo umakhala ndi mphamvu pafupifupi 20 pa 100 ya mphamvu yake yakale, ndipo umafika cha m'ma 80 pa 100 pakatha miyezi 3. Tsono taonani mtsikana wa Fomu 3 amene anachotsedwa apendikisi, ali pamjigo ndi chigubu cha malita 20. Amenewo ndi makilogalamu 20. Amawerama, amachikokera pabondo, amagwira mpweya, kenaka n'kuchikankhira pamutu. Pa kamphindi kogwira mpweyako mimba yonse imalimba gwa, ndipo mphamvu yonse imathamangira pamene panasokedwa. Mwina lero sipachitika kanthu. Mwina pakatha miyezi mudzaona chotupa pachipsera, chimene chimatuluka akatsokomola n'kubwerera akagona chagada. Amenewo ndi matumbo akukankha pamene ulusi wa m'kati unalekana, ndipo mankhwala ake ndi opaleshoni ina, mbuzi inanso, teremu inanso.

Mnyamata naye chimodzimodzi: mitolo ya fodya wamuwisi paphewa, zipika zoponya pamoto wa m'bani usiku, pulawo yolimbana ndi ng'ombe. Akang'ambidwa pamimba, madokotala ambiri amaletsa kunyamula zolemera kwa masabata 4 mpaka 6. Fupa la ntchafu likathyoka, monga zimachitikira ana ogwa pangolo, ndi nkhani ya miyezi 3 kapena kuposa. Tsiku lenileni anene ndi dokotala wake, osati kapitawo kapena malume amene akuti iwo anachira m'sabata imodzi.

Vuto ndi lakuti nyengo yothyola ndi kuwotcha fodya, kuyambira Januwale mpaka Malichi, ndi nyengo yomweyo ya teremu yoyamba, ndipo dzanja lililonse limafunika. Sindikunyoza zimenezo. Tsamba likapsa silidikira munthu. Koma fodya ali ndi choipa china kwa mwana wochira. Tsamba lonyowa ndi mame limalowetsa nikotini pakhungu, munthu n'kumamva nseru, chizungulire ndi kusanza. Bungwe la Human Rights Watch linalemba za ana odwala motere m'minda ya fodya ya m'Zimbabwe mu lipoti lake la 2018. Nikotiniyo amafinya mitsempha ya magazi, bala ndi fupa n'kumachedwa kupola. Komanso mwana wa opaleshoni ya m'mimba akayamba kusanza ali m'munda, mudzati ndi fodya chabe, pamene mwina ndi matumbo amene atsekeka. Lamulo la dziko lino limaletsa kulemba ntchito mwana wosafika zaka 16, ndi kupatsa ntchito yoopsa wosafika zaka 18, ngakhale ali bwinobwino. Nanga wa ulusi pamimba?

Manja akachepa, pemphani. Ife anthu a m'makomboni timadziwa kusonkhana maliro akagwa: sosaite imatulutsa ndalama, amayi amvano amaphika, anyamata amakumba manda osalipidwa. Zimandidabwitsa kuti mpingo womwewo sungatumize anyamata awiri kukathyola mizere ya mwana wamoyo kwa mwezi umodzi. Nthawi zambiri vuto ndi lakuti palibe amene anapempha.

Kusanyamula zolemera sikutanthauza kugona pamphasa tsiku lonse. Mwana aziyenda pang'onopang'ono kuyambira masiku oyamba, kuzungulira nyumba, kenaka mpaka kumsewu, chifukwa kugona kosatha kumabweretsa chibayo ndi kuundana kwa magazi m'miyendo. Adye zomanga thupi zimene tili nazo: nyemba, nzama, matemba, chiponde, dzira, mkaka. Masawu a ku Dande, gwafa ndi mango zili ndi vitamini C wothandiza bala. Mankhwala amalize onse. Pabala pasapakidwe phulusa, mafuta odzozedwa kapena zitsamba. Mapemphero apitirire, koma bandeji isachotsedwe. Mukaona bala lafiira, latupa, likutentha, likutuluka mafinya kapena fungo, thupi latentha, mimba yatupa ndipo sakuchita chimbudzi, kapena zala za mwendo wa pulasitala zazizira n'kuchita dzanzi, musadikire tsiku lolembedwa pakhadi. Nyamukani tsiku lomwelo.

Tsopano za sukulu, zimene zandichititsa kulemba. Agogo athu anabwera kuno wapansi, ena pa malole a Ulere, ena kudzera ku Mthandizi, kuchokera ku Nyasaland, ku Tete ndi ku Chipata, kudzalima fodya wa eni. Ena anapeza njira yawo: pamene Tom Blomefield anasandutsa pulazi yake ya Tengenenge kukhala mudzi wosema miyala mu 1966, Achewa ngati Fanizani Akuda anasiya dzina lawo padziko. Koma ambiri anakalamba opanda munda, ndipo minda itagawidwa kuyambira mu 2000 antchito a m'mapulazi amene analandira malo anali ochepa kwambiri. Malamulo aakulu a dziko a 2013 anavomereza unzika wa ana obadwira kuno kwa makolo ochokera m'mayiko a SADC, n'kuika Chichewa pakati pa zinenero 16 za boma. Zimenezo n'zabwino, koma sizidyetsa munthu. Mwana wa mnzathu amene ali ndi kumudzi akalephera sukulu amabwerera kumunda wa makolo ake. Wathu abwerera kuti? Chimene tingam'siyire ndi satifiketi ya ZIMSEC ya maphunziro asanu a Fomu 4, Chingerezi chili momwemo.

Palibe kholo limene limakhala pansi n'kugamula kuti mwana wasiya sukulu chifukwa cha opaleshoni. Zimangochitika mwakachetechete. Masabata awiri asanduka mwezi. Ndalama ya fizi inapita kuchipatala, ndiye bambo akuchita manyazi kuonekera kuofesi. Mwanayo akuopa kukapeza anzake ali patali m'masamu. Teremu itha. Chaka chamawa mumva kuti mnyamata ali kumigodi ya kromu m'mapiri a Great Dyke kapena akusefa golide m'mtsinje, mtsikana watengedwa. Aliyense azidzati anasiya chifukwa cha matenda, pamene matendawo anatha kalekale.

Choncho pitani nokha kwa mphunzitsi wamkulu, sabata yomweyo imene mwana watuluka, khadi la kuchipatala lili m'manja. Musatume mng'ono wake ndi uthenga wapakamwa. Lamulo la maphunziro limene linakonzedwanso mu 2020 limati mwana asathamangitsidwe pasukulu chifukwa cha fizi. Ngongole ndi nkhani ya inu ndi sukulu, osati ya mwana. Funsani za BEAM, thandizo la boma la fizi limene linayamba mu 2001. Ndalama zake zimachedwa, tonse tikudziwa, koma dzina likhalepo pamndandanda. Pa za bilu ya kuchipatala, ofesi ya Social Welfare imapereka kalata yotchedwa AMTO kwa osowa.

Mukakhala pamaso pa aphunzitsi, nenani zinthu mwatchutchutchu, chifukwa iwo ali ndi ana ambiri ndipo saona bala lobisika m'yunifolomu. Mwanayu asasese, asatchetche, asathirire dimba la sukulu, asathamange, makamaka teremu yoyamba pamene sukulu zonse zimakhala pa mipikisano yothamanga. M'sukulu zina zimene zinatsegulidwa m'mabani ndi m'nyumba zakale za eni mapulazi ana amakhala pa njerwa kapena pansi. Wanu apatsidwe mpando, ngakhale muchite kuutenga kunyumba. Ndipo kayang'aneni chimbudzi. Chimbudzi cha Blair chimafuna kunjuta, ndipo mwana wa ndodo ziwiri ndi mwendo wosapindika sangathe. Sadzakuuzani. Adzangosiya kumwa madzi m'mawa kuti asafune kupitako, kapena adzanena kuti mutu ukuwawa n'kutsala pakhomo. Kampando kathabwa kobowola pakati, kamene mmisiri aliyense wa m'komboni angakhome, kamathetsa nkhaniyo.

Kubwerera kusakhale kwa tsiku lathunthu nthawi imodzi. Ayambe ndi m'mawa mokha. Asanayambe n'komwe, mnzake wodalirika azibweretsa makope madzulo, kapena aziwajambula n'kutumiza pa WhatsApp ngati pakhomo pali foni. Ola limodzi m'mawa ndi lina madzulo n'zokwanira, popeza thupi lochira limatopa msanga, ndipo akagona bukhu lili pachifuwa musamunene ulesi. Mtunda ukakhala wautali, ngolo imagwedeza koopsa. Ndi bwino akakhale kwa wachibale kapena kwa munthu wa mumpingo pafupi ndi sukulu kwa masabata angapo, koma osati m'tizipinda tochita lendi mmene ana amagona okha popanda wamkulu.

Pali chinthu china chimene sitikonda kuchitchula. Mtsikana akabwera kuchipatala ndi chipsera pamimba, m'komboni mumayamba manong'onong'o akuti anakachotsa pathupi. Mawuwo amafika kusukulu iye asanafike. Mwana wa zaka 15 angapirire ululu wa bala, koma kuseka kwa anzake kumam'gonetsa m'nyumba miyezi. Amayi, musasiye mwana adziyankhire yekha. Gwirizanani naye zimene akufuna kuti zinenedwe, kenaka mukazinene nokha kumjigo ndi kumvano, mokweza. Ndipo ngakhale pathupi patakhaladi pamene panam'fikitsa kuchipatala, lamulo lomwe lija la 2020 limaletsa kum'chotsa sukulu. Anyamata nawo amabisa zawo. Kupweteka kwadzidzidzi kwa kumaliseche, tchende litapotoka, kumafuna opaleshoni pasanathe maola pafupifupi 6, koma mnyamata amatha kugona nako usiku wonse chifukwa sangauze mayi ake. Atsibweni ndi agogo aamuna, nkhani zimenezi ndi zanu. Muzimufunsa muli awiri.

Kwa agogo amene mukulera zidzukulu, makolo awo ali ku Harare kapena ku Joni: namwino akamalankhula Chishona chothamanga kapena Chingerezi, musavomere ndi mutu chifukwa cha ulemu. Muuzeni abwereze, ndipo alembe pakhadi zinthu zitatu: tsiku lobwerera kuchipatala, tsiku limene mwana angayambe sukulu, ndi tsiku limene angayambe kunyamula zolemera. Masiku awiri omalizawa ndi osiyana, ndipo la sukulu ndilo limayamba kufika.

Ngati mwana ali Fomu 4, kalembera wa mayeso amachitika kumayambiriro kwa chaka, ndipo amafuna chikalata cha kubadwa. Mulembetseni ngakhale ali chigonere, chifukwa mayesowo ali kutali ndipo achira. Opaleshoni ikagwa pafupi ndi mayeso, tengani kalata ya dokotala mupite nayo kwa mphunzitsi wamkulu, chifukwa ndiye amene angalembere ZIMSEC kupempha kuti mwana athandizidwe malinga ndi vuto lake. Dokotala akati sangathe kukhala pampando maola awiri, musam'kakamize. Mayeso a Juni alipo, a Novembala wotsatira aliponso. Koma musanachoke muofesimo, gwirizanani ndi aphunzitsi tsiku limene adzabwerere m'kalasi, ndipo dzina lake lisafufutidwe m'kaundula.