Korona ya agogo idakali pamsomali

Pa 2 Novembala Akatolika timapita kumanda kukapempherera akufa athu. Chaka chino ndidapita kwathu ku Dedza, kufupi ndi Bembeke, kukalambula pamanda a agogo anga aamuna. Koma chimene chandikhalitsa pansi kulemba lero ndi msomali wina wa pakhoma la nyumba yawo.

Pamsomalipo pali korona. Mikanda yake ndi yakuda, yosalala chifukwa cha zala, ndipo kamtanda kake adachita kukamangirira ndi kawaya katathothoka. Agogo atatisiya, pogawana katundu padali phokoso. Njinga yawo ya Humber idatsala pang'ono kudanitsa anthu a bere limodzi. Wailesi, jekete la Lamulungu, ngakhale khasu, zonse zidapeza eni ake tsiku lomwelo. Korona palibe adaitchula, ngakhale ife amene tidalira kwambiri ponena kuti malemu adali munthu wa Mulungu.

Kunena zoona, ndili mwana koronayo ndinkadana nayo. Kuzizira kwa ku Bembeke mu Juni mukukudziwa. Nsima yapsa, fungo la nyemba lili guu, koma agogo agwada kale pamphasa. Makumi asanu a Tikuoneni Maria, osadumpha ndi mmodzi yemwe. Ukayamba kusinza sankakukalipira. Ankangosiya kupemphera, nyumba yonse n'kuti zii mpaka udzidzimuke wekha, kenako amvekere, “Wabwerako? Tsogolera ndiwe.”

Sadali munthu wophweka. Khadi la mtulo ankalisunga m'kapepala ka shuga, m'kati mwa Malembo Oyera, ndipo akagulitsa mbatatesi ndalama yoyamba inkapita kumeneko, ife nsapato zili pakamwa yasaa. Mpaka lero sindidagwirizane nawo pa zimenezo. Koma munthu yemweyo ndiye adalera zidzukulu zinayi makolo athu atapita kutauni, ndipo Lachinayi lililonse akachoka kumphakati ankadzera kwa gogo wina wakhungu kukamuwazira nkhuni, osauza munthu. Ife tidazimvera pamaliro.

Mu Meyi 1989, Papa Yohane Paulo Wachiwiri atabwera kuno, agogo adakwera lole kupita ku Lilongwe. Adabwerako ndi chitenje cha nkhope ya Papa cha agogo aakazi komanso nkhani imene tidaimva zaka khumi, ngakhale Papayo adamuonera patali ngati kachidontho koyera.

Za 1992 zokha sankakonda kukamba. Pa 8 Malichi chaka chimenecho m'matchalitchi onse a Katolika mudawerengedwa kalata ya maepiskopi yodzudzula ulamuliro wa chipani chimodzi. Boma lidati kupezeka nayo ndi mlandu, ndipo ena adataya zawo m'chimbudzi. Agogo adaikulunga yawo m'pulasitiki n'kuisomeka mu udzu wa denga la nkhokwe. Sadali wandale. Pa riferendamu ya pa 14 Juni 1993, kaya adavotera nyali ya zipani zambiri kaya tambala wakuda wa chipani chimodzi, adapita nazo kumanda. Nditakula ndidawafunsa chifukwa chimene adasungira pepala loti likadawamangitsa. Adati chinthu chowerengedwa paguwa sachitaya kuchimbudzi, n'kupitiriza kusenda chimanga.

Tsono titabwerako kumanda tsiku lija, ndidaima pakhomapo ndi maganizo oti ndiitenge koronayo, ndikaipachike m'galimoto monga amachitira anzanga m'tauni muno. Nditaigwira ndidadabwa kuti ilibe fumbi, pamene kalendala yoyandikana nayo yafiira ndi dothi. Azakhali, amene adatsalira m'nyumbamo ndi adzukulu awo awiri, adandiona ali kukhitchini.

“Iwe, isiye pomwepo,” adatero. “Ukatenga, madzulo ano anawa atsogolera ndi chiyani?”

Madzulo amenewo nsima idazizira. Amene adasinza pa khumi lachitatu ndidali ine, ndipo kamtsikana ka zaka zisanu ndi ziwiri kadasiya kupemphera n'kumandidikira.