Kamasewera kolota nambala si chibwana

Pali anthu amene amaseka wophunzira akayamba kulemba mapulogalamu a kompyuta ndi kamasewera kolota nambala. Amati n'kutaya nthawi, ndipo amafuna kuti mnyamata kapena mtsikana athamangire kupanga app yogulitsira malonda m'sabata yoyamba. Anthu amenewa akusocheretsa ana a eni ake.

Kamasewerako n'kosavuta kufotokoza. Kompyuta imasankha nambala pakati pa 1 ndi 100 n'kuibisa. Munthu akalota, imamuyankha kuti yakula, yachepa kapena waipeza. Mu Python, chinenero chimene Guido van Rossum anatulutsa mu 1991, zonsezi sizifika mizere makumi awiri. Komatu nsanamira za ntchito yonse zili m'mizere yomweyo: kusunga nambala, kulandira yankho kwa munthu, kusankha chochita ndi if, ndiponso kubwereza funso ndi while. Wophunzira akaiwala kusandutsa zimene munthu walemba kukhala nambala ndi int, pulogalamu imaima. Akaiwala njira yotulukira, imafunsabe ngakhale nambala itapezeka kale. Wokonza yekha zolakwika zimenezi saziiwalanso, pamene wokopera mizere ya ena pa intaneti sadziwa n'komwe pamene pathyoka.

Palinso phunziro lina limene onyozawo saliona. Wolota mwanzeru amayamba ndi 50, kenako amadula pakati gawo lotsala, ndipo sangapyole maulendo 7 asanaipeze nambalayo. Zikhale nambala miliyoni imodzi, maulendo 20 akwanira. Njirayi, imene akatswiri amaitcha binary search, yagwetsapo ndi akadaulo omwe: mu 2006 Joshua Bloch anaulula kuti imene iye analemba mu Java inakhala ndi cholakwika zaka zambiri chosaonedwa. Buku lophunzitsa chinenero cha Rust nalonso limaika kamasewera komweka m'mutu wake wachiwiri. Kodi alembi akewo anasowa chochita?

Wachinyamata wa ku Dedza, ku Chipata kapena ku Angónia, amene bandulo ya intaneti imamuthera msanga, angathe kulemba kamasewera aka popanda intaneti, mafunso ndi mayankho ake onse n'kukhala m'Chichewa. Womuuza kuti alumphe sitepe imeneyi akumumana maziko, ndipo tsiku limene pulogalamu yaikulu idzafe m'manja mwake, adzasowa poyambira. Akuluakulu anati kuthamanga sikufika.